Magetsi anga agulitsa galimoto yoopsa

Aphungu,

Ndikulemba mtima uli m'mwamba, ndiye mukaona mawu akudumphana mundikhululukire. Ndine mtsikana, ndinamaliza maphunziro a zamagetsi ku yunivesite chaka chatha. Makalata ofunsira ntchito ndamwaza ponseponse, koma yankho ndi lomwelomwelo: "Tikuimbirani." Mpaka lero foni ili zii. Ndikukhala kwa achemwali anga, ndipo amuna awo ali ndi malo ogulitsira magalimoto ogwiritsidwapo kale ntchito. Alamuwo atatopa kundiona ndikungosinthasintha matchanelo pa TV, anati ndizipita nawo kukathandiza.

Kunena zoona, malowo amandipsetsa mtima. Zonse zimachitika monga ankachitira ine ndisanabadwe. Galimoto ikafika amaitsuka, kupaka polishi matayala, kuthira perefyumu m'kati, n'kulemba mtengo pagalasi. Basi. Pali lamulo limene palibe amalinena koma aliyense amalidziwa: chimene chabwera chotseka, chimapita chotseka. Kapeti satukula, zotchinga za m'mbali samasula. Ndikabwera ndi maganizo atsopano, alamu amaseka n'kuitana antchito awo kuti, "Tabwerani kuno, a Digiri atiphunzitse kugulitsa galimoto."

Chinthu chimodzi chokha ndi chimene analola. Ndinawauza kuti mabuti a magalimoto ambiri ndi amdima, kababu kake kamangoti phethiphethi ngati kandulo yotha, ndiye tiikemo timagetsi ta LED, tija timabwera titandandalikidwa pa kachingwe kokhala ndi guluu kumbuyo. Timagetsiti si todula, koma munthu akatsegula buti amachita kaso. Anati, "Yesera pa galimoto ili kumapetoyo. Koma ukandiotchera mawaya, ukagone komweko."

Ndinapukuta m'mphepete mwa buti ndi sipiriti kuti guluu agwire, n'kumata kachingweko pansi pa shelefu ya m'butimo. Ndinalumikiza ku waya wa kababu kaja kuti magetsi aziyaka buti ikatsegulidwa n'kuzima ikatsekedwa, osamaliza batire. Waya anali akadali pamtunda pamene kunabwera mayi wina, namwino, ndi ana ake awiri. Anali atazungulira kale magalimoto onse osakhutira. Nditatsegula buti n'kuwala kuti ngwee, mwana wamng'ono anakuwa, "Amayi, iyi! Iyi ili ndi nyenyezi!" Mayiyo anaseka, nati nthawi zambiri amaweruka kutada ndipo amavutika kufufuza zikwama za ana ndi tochi ya pafoni. Anawo anakwera kumbuyo, aliyense kusankha mpando wake, n'kudzimanga malamba ngati ulendo wayamba kale. Mayiyo anagwirizana ndi alamu kuti adzaitenga Loweruka likudzali. Tsiku limenelo alamu ananditchula dzina langa lenileni. Ndinati eya, tsopano ayamba kundimva.

Kutacha ndinafuna kumaliza ntchito mwaukhondo, kuika fyuzi ndi kubisa waya kuseri kwa chotchinga cha m'mbali mwa buti. Ndinachotsa waya wa kubatire, n'kumasula chotchingacho. Aphungu, zimene ndinaona! Chitsulo cha mbali imeneyo n'chopindikapindika ngati pepala lofinyidwa m'manja. Galimotoyi inagundidwa kumbuyo, wina anangowongola kunja n'kupaka penti. M'katimo anawotcherera mwachisawawa, ndipo dzimbiri ladya kale m'mbali mwake. Choopsa n'chakuti pomwepo ndi pamene pali bawuti yogwira lamba wa mpando wakumbuyo. Ndinakoka lambayo mwamphamvu, chitsulo chonse n'kugwedezeka, mng'alu n'kuyasama. Mpando wake ndi womwe uja anasankha mwana wamng'ono.

Ndinaitana alamu mokuwa, antchito onse akumva. Anasuzumira, nkhope n'kusintha, kenako anati, "Anakutuma ndani kumasula pamenepa? Ndinati uike magetsi, sindinati uchite opaleshoni." Ndinawauza kuti patachitika ngozi, lamba ameneyo sangagwire mwana. Iwo anati, "Galimotoyi ndinaigula ili chomwechi, ndipo yakhala ikuyenda osapha munthu. Bwezera chotchingacho. Ukudya kwanga, ukugona kwanga, lero ukufuna kundiphera bizinesi pamaso pa antchito anga?"

Sindinabwezere. Ndinajambula zonse pafoni n'kutseka buti. Kunyumba tsopano sitikulankhulana, pathebulo pamangomveka masupuni. Achemwali anandikokera kukhitchini nati, "Iwe, ndakulera ndine. Usandipasulire banja chifukwa cha munthu wosamudziwa n'komwe. Zikonzeka izi, ingotseka pakamwa." Ndikafunsa kuti zikonzeka liti, amangotsegula mpopi n'kuyamba kutsuka mbale.

Mtima wanga ukuti ndiponye vidiyoyo pa intaneti, dziko lonse lione mmene anthu amagulitsira imfa yopakidwa polishi. Ndatopa nawo anthu ongoti "timachita chonchi kuyambira kale". Ndikatero, ndilibe kolowera, ndipo achemwali sadzandiyang'ananso. Ndikakhala chete, ndiye kuti magetsi anga ndi amene akokera mwana uja pampando umenewo. Nambala ya mayiyo ndili nayo, anandipatsa yekha kuti ndidzaikirenso anzake akuntchito magetsi omwewa. Loweruka likuyandikira. Ndichite chiyani?

Ine wothedwa nzeru,
W.N.

Mwana wanga W.N.,

Khala pansi, ndipo foniyo uiike kaye patali.

Pa nkhani ya lambayo sukulakwa. Galimoto imeneyo isatuluke pageti mmene ililimo, ndipo apa palibe za ulamu kapena za mbale imene ukudyera. Koma njira imene unadzera ndi yaminga. Munthu wamkulu ukamukuwira pamaso pa antchito ake, samvanso za bawuti, amangomva manyazi. Komanso m'kalata yakoyi ndikuona nkhani ziwiri zapiringizana: ana a namwino, ndi mkwiyo wako wa dzina lija la a Digiri. Vidiyo ya pa intaneti ingadyetse mkwiyowo, basi. Mwana uja sizimuthandiza kuti dziko lonse lidziwe. Chomuthandiza n'chakuti mayi ake adziwe makiyi asanafike m'manja mwawo.

Yamba ndi achemwali ako, lero lomwe. Usawapemphe chilolezo, ungowauza zimene uchite, kuti asadzamvere kwa ena. Uwafunse kuti akanakhala iwo wogulayo, akanafuna wogulitsa atseke pakamwa? Mwina atsegulanso mpopi, koma amva.

Kenako upeze alamu ako ali okha, osati kuntchito, osatinso pathebulo. Upepese chifukwa chowakuwira pagulu. Chimenecho chokha, usapepese chifukwa chomasula chotchinga. Usawatchule wakuba, pakuti n'kutheka ndithu kuti anaigula osadziwa. Munthu wosatukula kapeti naye amapusitsidwa ndi anzake osatukula kapeti. Uwasiyire khomo lotulukira ulemu wawo uli m'manja: aimbire mayiyo iwo eni, anene kuti pomalizitsa magetsi mwapeza vuto, ndiye galimoto ichedwa kapena asankhe ina. Wogula amene wauzidwa zoona zotere sathawa, amabweranso ndi anzake, ndipo zimenezi wabizinesi aliyense amazimva msanga kuposa ulaliki.

Mbali yowonongekayo ikaonedwe ndi katswiri wokonza magalimoto ogundidwa, wosakhala wa pamalo panupo. Iwe unaphunzira zamagetsi, osati zachitsulo, choncho usagamule wekha kuti ikonzeka kapena ayi. Ndipo usavomere zoti angowotcherera pamwamba mothamanga n'kupakanso penti. Kumeneko ndi kubisa kachiwiri.

Ukatha zonsezi, uwauze modekha, kamodzi kokha, kuti likafika Lachisanu asanamuimbire mayiyo, umuimbira ndiwe. Usaopseze, usabwereze. Ndipo akapanda kuimba, imba ndithu. Umuuze zimene unaona ndi maso ako, osathira mchere, umuonetse vidiyoyo iye yekha, ndipo umulangize abwere ndi makaniko wake adzasuzumire kuseri kwa chotchingacho. Zotsalazo asankha yekha, ndi mayi wa ana.

Sindikunamiza, ukhoza kutuluka m'nyumbamo ndi chikwama pamutu. Ndiye usadikire Loweruka, lankhula msanga ndi mnzako kapena wachibale amene angakusunge kwa kanthawi. Luso uli nalo m'manja, ndipo magalimoto a mabuti amdima ndi ambiri. Achemwali ako akhoza kukusala mawu kwa nthawi, zipweteka, koma chibale ndi fupa, sichiola. Ndipo ngati ukufunadi kusintha kachitidwe ka zinthu monga ukuneneramu, phunzira lero kuti munthu sasintha pomuchititsa manyazi. Amasintha ukamuonetsa kuti sugwedezeka, koma sukumuda.

Chenjezo langa ndi ili: usaganize kuti kukhala chete kukugulira mtendere m'nyumbamo. Galimotoyo ikatuluka pageti ili choncho, mudzadyera limodzi ndithu, mwinanso alamu adzakusekerera. Koma tsiku lililonse ukamva kuti pamsewu pachitika ngozi, udzasiya zimene ukuchita n'kufunsa kuti inali galimoto yanji, kenako udzafunsa ngati kumbuyo kunali ana.

Aphungu