Nyumba Yosamva Odi

Wokondedwa mlongo wanga Injiniya,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupeza uli bwino, iwe, mlamu wanga ndi ana. Chifuwa cha wamng'onoyo chinatha? Kuno ine ndiliko, kupatula msana womwe ukuudziwa kale. Bambo ndiwo sali bwino, n'chifukwa chake ndalemba m'malo moimba. Pafoni umandidula mawu.

Dzulo unaimba utalusa, akuti foni yako ikukuonetsa kuti chitseko cha nyumba chakhala chotsegula sabata yonse ndipo kufunda konse kukuthawira panja. Foni yakoyo siikunama. Chitseko n'chotsegula, ndipo chachitchinga ndi mpando wa bambo, eni ake atakhalapo. Khala pansi ndikuuze chifukwa chake.

Ndiyambe n'kuthokoza, usadzati achemwali sayamika. Nyumba imene unawamangira bambo ndi yabwino. Makoma okhuthala aja akugwira ntchito yake: kunja kukazizira m'kati mumafunda, dzuwa likaswa mtengo m'kati muli zii. Masola a padenga akutipatsa magetsi ndi madzi otentha. Mawondo a bambo analeka kuwawa. Mabeseni amene tinkatchera mvula ikamadontha m'nyumba yakale ndinadzalamo maluwa.

Koma iwe pojambula nyumbayi unaiwala kuti bambo ako amaona ndi makutu. Chiyambireni ng'ala m'maso mwawo, dziko lawo lonse linali phokoso la mumsewu. Ankadziwa kuti kwacha akamva wowotcherera zitsulo wayamba, ankadziwa kuti ndi masana ana akamaweruka kusukulu. Galimoto ikadutsa ankatchula mwini wake. Muno windo lililonse lili ndi magalasi atatu, la kuchipinda kwawo silitseguka n'komwe, chitseko chazunguliridwa ndi mphira. Chimene chimamveka ndi kamakina kaja kolowetsa mpweya, kamene kamangoti fuu mu siling'i. Tsiku lina anandifunsa ngati anthu anasamuka m'dera lino.

Ine ndinaseka. Ndinawauza zimene unandiuza iwe, kuti nyumba yotere imafuna chitseko chotseka nthawi zonse, apo ayi siigwira ntchito. Ndikamapita kuntchito ndinkatseka, n'kumadziona ngati wanzeru.

Ukuwakumbukira a Telala, anzawo a bambo okhala kuseri kwathu, amene anakusokera yunifolomu yako yoyamba? Munthu uja sankakhudza belu. Ankati belu ndi la ku ofesi, kwa mnzake munthu amaima pakhomo n'kuodira. Anabwera kangapo, kuodira, kudikira, n'kubwerera. Bambo ali m'kati momwemo, akudandaula kuti mnzawo wawataya. A Telala nawo n'kumauza anthu kuti nyumba yatsopano yamusintha mnzawo. Zonsezi ine ndazimva madzi atafika kale m'khosi.

Sabata yatha a Telala anagwa m'mawa akusesa pakhonde, osadzukanso. Msewu wonse unalira. Mwana wawo wamkazi anathamangira kwathu, anaodira, anamenya chitseko ndi chikhatho, anawaitana bambo mokuwa. Bambo anali kuchipinda kwawo akumwa tiyi. Khoma la chipinda chimenecho ndi limene layang'anizana ndi nyumba ya a Telala. Pofika madzulo thupi linali litanyamulidwa kupita kwawo, kutali, ndipo galimoto yonyamula malirowo inadutsa pansi pa windo lomwelo.

Ine ndinamva kwa mayi wogulitsa masamba pakona, ndikuchokera kuntchito. Anandifunsa ngati bambo adwala kwambiri, poti sanaoneke pamaliropo. Kafunsidwe kakeko, ndinadziwa kuti yankho ali nalo kale.

Ndinalowa n'kuwapeza akumwetulira, akundiuza kuti lero kwakhala bata. Mlongo wanga, sindinasenzepo katundu wolemera ngati kuwauza uthenga umenewo. Sanalire. Anandifunsa kuti zinachitika nthawi yanji, kenako anafunsa kuti nthawi imeneyo iwo ankatani. Anadziyankha okha kuti ankamwa tiyi. Anaimirira, anakoka mpando wawo uku akupapasa khoma, mpaka anafika nawo pakhomo.

Chikhalireni pamenepo, amangolowa pokagona. Amadyera pomwepo, kudya kwake kongolawa. Mphepo ikuomba masiku ano ndipo ayamba kutsokomola. Ndikawachonderera kuti tilowe, amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Aliyense wodutsa bambo amamupatsa moni mokweza, kaya akumudziwa kaya ayi, kenako amamuuza kuti tsiku lija iwo sanamve. Wokonza mipope anauzidwa, ana asukulu anauzidwa. Ena amaima n'kupepesa, ena amangogwedeza mutu n'kumapita.

Mwana wa a Telala anabwerako kumaliro. Akadutsa amayankha moni mwaulemu koma saima. Ndinapita ndekha kukamufotokozera za magalasi ndi mphira. Anandimvetsera mpaka kumapeto, n'kunena kuti bambo ake anamwalira akuganiza kuti mnzawo anawatsekera chitseko. Izi bambo sindinawauze, ndipo iwenso usayerekeze.

Ndili ndi mantha. Ndakwiyanso, kukwiyira iwe ndi malangizo ako, kudzikwiyiranso ine amene ndinkatseka ndi manja angawa.

Tsono pempho langa ndi ili. Usaimbenso za chitseko, ndipo kaya n'chiyani chimakunong'oneza pafonipo, chizimitse. Ndalankhula ndi kalipentala kuti achotse windo la kuchipinda kwa bambo, aikepo wamba, la galasi limodzi, lotseguka. Mwina akamamva msewu ali pabedi angavomere kubwerera m'kati chifuwa chisanakule. Kalipentalayo akuti akatero nyumba siidzasunganso kufunda monga unafunira, ndipo sakhudza kanthu popanda mawu ako. Ndikudziwa kuti nyumbayi ndi thukuta lako, ndiponso kuti unaimanga chifukwa chowakonda. Koma mawu akowo ndikuwafuna sabata ino, osati ukadzabwera patchuthi.

M'mawa uno nditawauza kuti ndikukulembera, anati ndikupatse moni, ndikuuzenso kuti sanakukwiyire. Kenako anati ndikufunse funso limodzi, poti ndiwe ukuidziwa bwino nyumbayi: tsiku limene iwo adzagwe m'katimu ine ndili kuntchito, adzawamve ndani? Uwayankhe ndiwe.

Undiperekere moni kwa mlamu, uwauze anawo kuti azakhali awo awasowa. Mulungu akusungeni nonse, akupatsenso iwe mtima womva.

Ndine,
Chemwali wako