Chipinda Chimodzi pa Chintheche

Lachisanu

Hudson 07:12
ndiye mwanyamukadi? ndi amama mmene alilimu?

Lenia 07:15
eya adumbu, taima pa Msongwe kuthira fuel. adada kutsogolo, amama kumbuyo afungatira flask

Hudson 07:16
Lenia munthu woti akuiwala ndi ana ake omwe ungamukweze galimoto mtunda onsewo?

Lenia 07:19
adada akhala akupempha chaka chonse. akufuna awaonetse njira imene anabwerera ku Mzuzu mu 89, aphunzitsi akumpoto atauzidwa kuti azipita kwawo. lero Chintheche, mawa Nkhotakota kusukulu yomwe ankaphunzitsa

Hudson 07:21
mukagona kuti? nditumize kangachepe mupeze lodge yabwino

Lenia 07:23
adada akana. akuti rest house yomweyo imene anagona lorry yawo itafera panjira. chipinda chimodzi tonse atatu, ine pamphasa. kamba ndaphika, mazira ndi chinangwa

Lenia 07:24
chomwe akusowa ndi nkhope yanu. miyezi 8 osaponda kuno, ngati kuti Lilongwe ndi kunja

Lenia 07:41
adumbu?

Lenia 10:50
Nkhata Bay, tikuima pafupipafupi. amama afunsa kanayi kuti tikupita kumaliro a ndani

Lenia 13:35
tafika Chintheche. rest house ija kulibe, pano akugulitsapo simenti ndi malata

Lenia 13:38
adada angoima pakhomo chipewa kumanja. amama akukoka chitseko cha galimoto, akuti malo ano sakuwadziwa tibwerere

Hudson 14:20
ndinanena ine

Lenia 14:21
osati lero plz

Hudson 14:49
pepa. adada ali bwanji

Lenia 14:55
avala chipewa chawo nkukwera galimoto. tapeza ina kuseri kwa msika, yotchipa. madzi ndi a mndowa koma zofunda zoyera

Lenia 18:05
amama akhazikika. amaliza nsomba ya batala yonse okha mpaka mutu, adada akuwachotsera minga

Hudson 18:44
ulendo womaliza uja amama anandiyang'ana nkundifunsa kuti abambo mukufuna ndani. ndinakalira mgalimoto ngati mwana. nchifukwa chake sindibwera

Lenia 18:50
ndikudziwa. ine amanditcha anesi. ndimangovomera nkuwasambitsa

Loweruka

Lenia 06:18
mwauka? adada akufuna ayankhule nanu okha, tamverani

Lenia 06:20
🎤 mawu 0:58
"Hudson, monire mwana wanga, ndine adada ako. Kunja kukungoyera kumene amama ako andigwedeza, akuti aphunzitsi dzukani lorry itisiya, makhadi a chipani mwasunga? Ine ndati ndasunga, Ethel, ali mthumba. Kenako atenga dzanja langa nkuliika pamimba pawo. Akuti tamvani mmene akugundira, ameneyu ndi mwamuna, ndipo adzaphunzira kuposa inu. Aseka chomene. Hudson, ulendo umene uja unali m'mimba, miyezi isanu ndi iwiri. Kwawo kwa amama ako kunali ku Nkhotakota, abale awo anawauza kuti atsale, koma anakwera lorry pamwamba pa mipando kuti ubadwe ndili pomwepo. Nkhope yako ya ndevuyi yawasokonekera, inde. Koma iweyo sanakutaye. Basi, Lenia zimitsa, ndayamba kuchita manyazi."

Lenia 06:34
mwamvera?

Lenia 07:10
ma tick a blue ndikuwaona

📞 Lenia 07:32
foni sinayankhidwe

Lenia 07:50
ok. tikupakira. amama abwereranso mwakale, akufunsa kuti nyumba ino ndi ya ndani. koma dzanja la adada sakulisiya

Hudson 08:26
KK mufika nthawi yanji

Lenia 08:27
cha mma 12. bwanji

Hudson 08:29
ndili mu minibus ya ku Salima, ndikasintha pomwepo. mundidikire pasukulupo

Lenia 08:29
adumbu 😭 yewo chomene

Lenia 08:31
koma mudziwiretu, mwina sakakuzindikirani

Hudson 08:33
akafunsa ndikawauza kuti ndine ndani. akafunsanso ndikawauzanso