Esinati wamng'ono wayamba kuyenda

Amayi, kodi mukukhala bwanji kumeneko? Ndine Feliya wanu, ndikulemba ndili pakhonde panu kuno ku Msakambewa.

Chichokereni inu, mvula sinatikomere. Chimanga chinapserera chisanamasule, nkhokwe yanu sinafike ndi pakati pomwe. Mbuzi yanu yamakani ija yaswa awiri, koma makani sanathe.

Ine ndinalowa gulu la ongodzipereka ku bungwe lothandiza anthu pa njala. Malipiro palibe, musaseke. Anatiphunzitsa kudina phazi la mwana ndi chala: pakatsala kadzenje, ameneyo ndi wa kuchipatala tsiku lomwelo. Ndinazungulira midzi mpaka ku Bowe ndikudina mapazi a ana a eni, osadziwa kuti vuto lili pakhomo pathu pomwe.

Achimwene a Yohane ali ndi mwana wamkazi, anabadwa inu mutangopita, ndipo tinamutcha dzina lanu, Esinati. Mwanayo anatupa miyendo ndi nkhope. Azakhali anati ndi tsempho, ati achimwene anayenda ndi mkazi wina mwana akadali wakhanda. Ndinapeza anthu ali pamphasa kufunafuna wolakwa, alamu akungolira, mwana ali kwala pansalu. Nditadina kaphazi kake, kadzenje kanatsala.

Pamenepo ndinakumbukira mmene munkanenera mwana akadwala m'mudzi: “Feliya, nyamula kaye mwanayo, zokamba tikamba pobwera.” Ndinamubereka ndi chitenje chanu chobiriwira chija, anthu akuluakulu akuyang'ana, ine amene ndinkaopa ngakhale kutsokomola pamaso pa azakhali. Ndinakwera kabaza mpaka ku Mponela, alamu akutsatira pambuyo. Anamwino anati ndi matenda a kuperewera kwa chakudya, ndipo tikanachedwa tikanamutaya. Anamuyamba ndi mkaka, kenako chiponde.

Azakhali anandikwiyira zedi, moni wanga sankayankha. Koma sabata yatha anabwera okha ndi mdzukulu wawo, ati ndimudineko phazi. Ndinamudina mwaulemu, osaseka, ngakhale kuseka kunali pakhosi. Mdzukulu wawoyo ali bwinobwino.

Dzulo Esinati wayenda yekha kuchoka pamtondo mpaka pankhokwe. Ndikunyada, amayi, sindibisa ayi. Ndinalira ngati tsiku la maliro anu, koma uku ndikuseka.

Kumanda ana saloledwa, ndikudziwa. Akadzasinkhuka ndidzabwera naye kuti mudzamuone, ndikulonjeza. Sindidzamubereka. Adzafika yekha, ndi mapazi ake omwewo.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Feliya