Kachilombo ka mu Kompyuta

Kawale, Lilongwe
Julayi 2001

Okondedwa achemwali a Lusiya,

Muli bwanji ku Kasakulako, pamodzi ndi alamu ndi ana? Mwendo wa amayi uja unasiya kutupa? Ine thupi lili bwinobwino, ndipo mawu amenewa muwawerenge kawiri, chifukwa ndi amene andilembetsa kalatayi.

Mukudziwa kuti kabizinesi kanga ka lamya ndi kompyuta kanayamba kuyenda. Pabenchi panga pamakhala anthu a zipani zonse, Asilamu ndi Akhristu omwe, kudikira kutumiza imelo kwa abale awo a ku Joni, mpaka amaiwala zokangana. Atsikana awiri akwathu ndinayamba kuwaphunzitsa kutayipa.

Mwezi watha kompyuta inagwidwa ndi chimene amisiri amachitcha kachilombo. Si matenda a munthu ayi, ndi kanthu kosokoneza makina basi. Ndinatseka masiku angapo. Mwatsoka, msuweni wathu Elifala atabwera kudzagulitsa fodya anapeza chitseko chotseka, ndipo mayi wa mandasi wa pafupi anamuuza kuti kwa a Kalebe kwalowa kachilombo. Elifala mumamudziwa, makutu ake amamva theka, pakamwa n'kumalizitsa zotsalazo. Nkhaniyo anakafika nayo kumudzi ngati kuti wodwala ndine.

Tsopano ndamva kuti amalume ake a bwenzi langa Veronika apempha abambo mfumu kuti asalengeze ukwati wathu m'tchalitchi. Veronika mwini wake sakuyankha uthenga wanga. Achemwali, ndili ndi mantha. Anthu akwathu asiya kubwera, ndipo amene wabwera amayamba wapukuta lamya ndi mpango asanaiike kukhutu. Atsikana aja makolo awo awaletsa. Pabenchi paja pangoti zii. Ndinayesa kufotokozera bambo wina wa ku Dowa, iye anangondigwira paphewa nati, "Limbani mtima achimwene, Mulungu alipo."

Pempho langa ndi limodzi. Mupite nokha kwa amalume a Veronika, musatume munthu, makamaka Elifala. Mukawauze kuti ndine wokonzeka kukayezetsa magazi kuchipatala cha Mtengowanthenga, iwo ali pompo. Koma chonde fulumirani, chifukwa akuti akufuna kumutumiza Veronika kwa azakhali ake ku Kasungu, ndipo akapita kumeneko sindidzamuonanso.

Mupereke moni kwa amayi, alamu, amalume a Enoki ndi ana onse. Amayi muwauze kuti asalire, mwana wawo akudya ndipo akunenepa.

Kompyuta ija amisiri anaichiritsa kalekale. Ine amene sindinadwale n'komwe, sindikudziwa kuti adzandichiritsa ndani ngati si inu.

Ine mlongo wanu wodalira inu,
Kalebe