Makontena Awiri, Mimba Imodzi

Lolemba, 3 Malichi

Nesi wa kukampani wandiyeza lero. Makilo 104. Ndinati nsapato zangazi n'zolemera, iye akuti, "Vulani." Ndavula. 103 ndi theka. Magazi nawo akuti akuthamanga kuposa basi imene ndimayendetsa. Wandipatsa masabata atatu. Pa 24 ndikapezeka chimodzimodzi, andichotsa pa chiwongolero, chifukwa sangapereke anthu odzaza basi kwa munthu woti akhoza kugwa nthawi ina iliyonse. Zaka 19 ndili pamsewu, ntchito ina sindiidziwa. Ndaopa, ndisaname.

Mkazi wanga ndamuuza. Amayi ayi. Bambo anapita ndi bipi yomweyi, anagwa akumanga zingwe za nsapato, Amayi akuona.

Lachiwiri, 4 Malichi

Mkazi wanga wadzisankha yekha kukhala Nduna ya Zaumoyo. Botolo la mafuta labisidwa, shuga wasamuka osatsanzika. M'kontena yanga ya chivindikiro chobiriwira muli nyemba, masamba, dzira limodzi lowiritsa, theka la peyala ndi kaloti wosaphika. Wosaphika! Anzanga ku depoti akuti ndikamaliza andimangirire pamtengo ndizidya msipu. Nduna akuti chilichonse m'menemo chili ndi ntchito yake m'thupi. Ine ndafunsa ntchito ya njala.

Loweruka, 8 Malichi

Lamba walowa bowo limodzi! Ndakwera sikelo ya katundu ku depoti anthu atayang'ana kumbali. 101. Chodabwitsa, masana sindikusinzanso. Izi Nduna asazimve, angayambe matama.

Lamlungu, 9 Malichi

Tinakaona Amayi, amakhala kuseri kwa depoti komweko. Atangondiona anandigwira masaya ngati akusankha tomato pamsika. "Mwana wanga, ndikuona khosi lako. Ndinaliona komaliza uli kusukulu." Kenako anamuyang'ana mpongozi wawo kuyambira kumutu mpaka kuphazi. "Kunyumba kwanuko moto unazima?" Nduna anangoti, "Akudya, amayi."

Pobwerera akuti, "Auzeni zoona, bambo a ana." Ndati mawa.

Lolemba, 10 Malichi

12 koloko, Amayi ali pageti la depoti ndi kontena ya chivindikiro chofiira. Nkhuku yokazinga, tchipisi, mpunga wonyezimira mafuta. Anakhala pabenchi kundiyang'anira mpaka fupa lomaliza. Mayi wokubala ungamukanire bwanji? Atapita ndadyanso za Nduna, chifukwa kontena yake ikabwerera ndi kanthu kunyumba kumakhala mlandu.

Kuwauza kuja sindinawauze. Pakamwa panali podzaza.

Lachinayi, 13 Malichi

Tsiku lachinayi la nkhomaliro ziwiri. Ndikudyera mtendere wa banja. Amayi tsopano amangosiya kontena kwa alonda a pageti. Ndikanatha kugawira anzanga, ndikudziwa, koma nkhuku ya Amayi si yopatsa munthu. Ndikamaliza ndimatsuka makontena onse awiri pampopi, yawo ndimakasiya poweruka.

Kunyumba akunditama, kwa Amayi akunditama. Lamba yekha ndiye wakana kunama, wabwerera pa bowo lake lakale. Nduna wasokonezeka mutu. "Mwina ndi mapeyala." Wachotsa peyala. Peyala wosalakwa uja wachotsedwa ntchito chifukwa cha ine.

Loweruka, 15 Malichi

105. Sikelo ya katundu ija imanama, aliyense akudziwa.

Lolemba, 17 Malichi

Masiku a wakuba atha. Pampopi paja ndinali pachangu, ndasinthanitsa zivindikiro. Nduna potulutsa kontena m'chikwama changa wapeza chofiira. Wachitembenuza, wachinunkhiza. "Ichi ndinawagulira amayi ndine chaka chatha. Chikununkha nkhuku." Sanakalipe. Ndikanakonda akanakalipa. Wangovala juzi, chivindikiro m'manja, ulendo. Ine pambuyo ngati galu wakuba mazira.

Tinawapeza Amayi atagwira chobiriwira, akudabwa nacho. Nduna akuti, "Amayi, ndabweza chivindikiro chanu. Mwana wanu ali ndi mawu." Ndinayang'ana kudenga, kunalibe thandizo. Ndanena zonse: bipi, nesi, pa 24, chiwongolero.

Amayi ankangoyang'ana kumapazi kwanga. Chingwe cha nsapato ya kumanzere chinali chitamasuka. "Tamanga chingwecho ndione." Ndinawerama. Mimba inafika kaye, manja pambuyo. Mpweya unandithera, thukuta kamukamu, m'makutu mukulira. Podzuka, Amayi anali atalowa kuchipinda n'kutseka chitseko.

Lachiwiri, 18 Malichi

Pageti palibe kanthu. Kontena imodzi. Kaloti ndamudya yense. Peyala wabwezeretsedwa pa ntchito.

Lachisanu, 21 Malichi

Ndikupita ku depoti wapansi, mphindi makumi anayi. Anzanga akundiimbira hutala podutsa. Nsomba yowotcha yopanda mafuta si yoipa kwenikweni, ndavomera pamaso pa Nduna, ndipo wandiuza kuti ndibwereze mokweza.

Amayi sakuyankha foni. Mlongo wanga akuti ali bwino, koma akungofunsa aliyense kuti masamba amaphika bwanji popanda mafuta. Mtima ukundipweteka. Ndinawabisira kuti asalire, ndiye ndawaliza kawiri.

Lolemba, 24 Malichi

102, nsapato nditavula ndekha osauzidwa. Bipi yatsika, koma pang'ono. Nesi anayang'ana pepala nthawi yaitali mpaka ndinayamba kuganiza zoweta nkhuku. Kenako akuti ndikhalebe pa chiwongolero mwezi umodzi, ndizimwa mapilisi, ndizibwera Lolemba lililonse. "Mukabwereranso ku 104, makiyi mudzandipatse nokha."

Potuluka ndawapeza onse awiri pabenchi ija, Amayi ndi Nduna, atakhala moyandikana ngati sanayambanepo. Boma la mgwirizano. Pamiyendo pa Amayi pali kontena ya chivindikiro chofiira. Ndinayang'ana Nduna, iye akuyang'ana mabasi.

Ndatsegula. Nyemba zamadzi okhaokha, masamba owiritsa mpaka kuda, mchere anangoudutsitsa patali. Chibadwire Amayi sanaphikepo chinthu choipa chonchi. Ndaika supuni imodzi m'kamwa, nkhope yandipereka.

"Sizikukoma, ndikudziwa, ndalawa," akutero. "Bambo ako ndinawaphikira zokoma zaka makumi atatu. Ali kuti? Iwe udya zoipazi, ndipo udzandiika m'manda ndiwe. Idya."

Ndadya. Anandiyang'anira mpaka nyemba yomaliza, kenako anawerama okha, ndi maondo awo aja, n'kundimangira chingwe cha nsapato.