Nsolo ya pa Geti ndi Mlandu wa Sesiliya

Kapata, Chipata
3 Novembala

Okondedwa mlongo wanga, amake Sesiliya,

Moni wanga ukupezeni muli ndi moyo. Kaya mwadzuka bwanji kwa Mkanda kumeneko? Bondo lija likukulolani kupita kudimba, kapena mukungolamula ana muli pakhonde? Ine kuno ndili bwino, kungoti dzuwa la chaka chino latiphika mpaka m'mafupa. Mwana wanu Sesiliya nayenso ali bwino, ndipo nkhani yake ndi imene yandikhazika pansi lero.

Ndamva kuti tsiku lija anakuimbirani foni akulira, inu munamuuza kuti alongedze abwerere kumudzi. Ndamvanso kuti pachitsime akuti anamugwira akuba kwa abwana. Khalani pansi mlongo wanga ndikuuzeni kuyambira kumutu, chifukwa wolakwa alipo ndithu, koma si iyeyo.

Paja mukudziwa kuti pano pa Mayi Ruqayya, aja ogulitsa zitenje, ine ndimalonda pa geti masana, Sesiliya amaphika ndi kusamala m'nyumba. Mu Julaye amayiwa anaitana mmisiri wina, dzina lake Lyford, kudzaika zinthu zomvera foni. Geti limatseguka iwo akadali pamsewu. Pampu ya madzi amaiyatsa ali ku boda ya Mwami kokalandira katundu. Ngakhale mababu amamva, ndikukuuzani. Pamwamba pa geti anaikapo kamera, kadiso kakuda ngati ka nkhuku. Zonsezi zimayendera intaneti ya m'nyumba, imene akampani anati ilibe malire, mumwe mmene mungathere.

Masabata awiri oyamba tinayenda chonyada. Koma pofika pa 18, zinthu zinayamba ulesi. Amayi afike, adine foni, geti duu! Adinenso, duu! Alize hutala, ine ndithamange kukakankha ndi manja ngati kale. Mwezi watsopano utalowa zonse zinachira zokha. Mu Ogasiti, masiku omwe aja, matenda omwe aja. Ulendo uwu pampu inakana kuzima, thanki inasefukira, madzi n'kulowa m'chipinda chosungira zitenje.

Amayi anaimbira akampani ali ndi moto. Kumeneko anawayankha mofatsa kuti inde malire palibe, koma nyumba ikamwa kupitirira muyeso wina pa mwezi, iwo amaifinya. Zili ngati kuponda paipi yothirira: madzi sakutseka, koma amangodontha mpaka mwezi uthe. Anamaliza ndi kunena kuti m'nyumbamo muli wina wa pakhosi patali.

Ndiye amayi anayang'ana uku ndi uku. Ana awo ali kusukulu ku Lusaka. Iwo eni amaswera kusitolo. Ine kafoni kanga ndi ka mabatani, sikadziwa n'komwe kuti intaneti imadyedwa ndi chiyani. Anatsala Sesiliya, amene amakonda kumvera nyimbo za kwaya pa foni akamasita. Anamuchotsa pa intaneti, nambala yolowera n'kusintha. Mu Seputembala zinthu zinafooka pa 16, msanga kuposa kale. Apo amayi anati mwana wanu anaba nambala ija papepala la kuchipinda kwawo, ndipo akunama, mwezi ukatha alongedze. Kuba kumene mukukumva kumudziko kunachokera pamenepa.

Mlongo wanga, mwana ndinamutenga ndine pakhomo panu. Ndinakulonjezani ndine, monga malume wake, kuti ndimusunga. Masiku atatu chakudya sichinkatsika.

Tsono apa ndiulule zanga. Pansi pa geti pali kamthunzi kabwino, ndipo ine ndinakumbapo maenje a nsolo, ija kwathu timati ntchuwa. Anzanga oyendetsa njinga zonyamula anthu amabwera akasowa makasitomala. Kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, manja sapuma pamenepo, pakamwa ndiye musanene.

Masiku achisoni aja ndinawabweza onse kuti sindikusewera. Ndinakhala ndekha pa benchi, phee. Mukudziwa makutu angawa, kuyambira ndili mwana ndinkamva njinga ya atate ikadali kutsidya kwa dambo. Galu anadutsa, ndinamva pamwamba panga kuti tcha. Mayi wa matimati anadutsa, tcha. Ndinakweza dzanja, tcha. Ndinauma ngati chitsa, zii. Ndinakanda kumutu, tcha! Ndinayang'ana kadiso kaja, nakonso kakundiyang'ana.

M'mawa mwake ndinauza anzanga kuti asewere, ine ndingoonerera. Ndinatenga chitini, kuti kamera ikati tcha ndiponyemo kamwala. Anzanga anayamba kundiseka kuti mdala wayamba kuombeza. Dzuwa lisanafike pamutu, chitini chinali tho.

Masana Lyford anadutsa pa njinga yake yamoto, ndinamuimitsa pakati pamsewu. Ndinamufunsa kuti kanthu kake kaja kakati tcha kamakhala kakuchita chiyani. Anati kamadzuka, kujambula chimene chayenda, n'kutumiza kutali kokasungidwa, ndipo kutumizako kumamwa pa intaneti yomwe ija. Anatinso sabata yoyamba foni ya amayi inkalira kosalekeza kamera ikangojambula, iwo anamuuza kuti aitontholetse. Foni inatonthola, koma kamera inapitiriza kutumiza. Ndinamuonetsa chitini, ndinamuonetsa maenje. Anaseka mpaka anatsamira khoma.

Atatha kuseka anandimvera chisoni. Anati akhoza kukonza mwakachetechete, amayi osadziwa kanthu, chifukwa akadziwa wolongedza ndikhala ine, ndipo pa msinkhu wanga geti lina silipezeka. Sindinama, mawuwo anandikomera. Ndinayenda nawo mpaka pa mpopi ndi kubwerako. Koma ndinaona kuti zinthu zikangochira mwana atachoka, aliyense adzati eya, analidi iyeyo. Dzina lake likanafera pomwepo.

Amayi atabwera kusitolo ndinalowa pabalaza ndi chitini changa, n'kuchiika patebulo lagalasi. Sindinalowepo pabalazapo ndi nsapato, koma tsiku limenelo ndinaiwala kuvula. Ndinati wakuba wawo ndamugwira, ali ndi mnzake: wina ali pamwamba pa geti, wina ndi amene waima pamaso pawo.

Lyford anatsegula kompyuta yake. Kumeneko kumaoneka chinthu chilichonse ndi mmene chamwera. Kamera inali pamwamba payokha, mzere wake wautali ngati msewu wa ku Katete. Foni ya Sesiliya m'miyezi yapita ija inali kadontho, mu Seputembala munalibemo n'komwe. Kenaka anatsegula zojambulidwa zija. Mlongo wanga, miyezi itatu ya dazi langa! Ine kukangana, ine kuvina nditapambana, ine kuloza anthu chala. Penapake ndikuoneka bwinobwino ndikubisa mwala pansi pa phazi mnzanga atatembenuka.

Amayi anaseka mpaka misozi. Kenaka kuseka kunatha. Anaitana Sesiliya kuchokera kukhitchini. Pamaso pa ine ndi Lyford anamugwira manja onse awiri n'kupepesa. Anati anamuweruza asanafufuze, ndipo tchimo limenelo ndi lawo pamaso pa Mulungu. Mwana wanu anagwira pakamwa n'kuyamba kulira.

Za ine anati tione kaye Okutobala. Maenje ndinakwirira ndekha, nsolo inasamukira kuseri kwa mtengo wa mango kumene kadiso sikafika. Lyford anaiphunzitsa kamera kuti izidzuka pokhapokha munthu akafika pakamwa penipeni pa geti. Ndiye tinayamba kuwerenga masiku. Pa 16 geti linatseguka. Pa 18 linatseguka, ine thukuta kamukamu. Pa 25 linatseguka. Pa 31 amayi anadina foni ali kutali, geti linathamanga ngati lamva kuti kuli ukwati. Anatsitsa galasi la galimoto n'kunena kuti madala, benchi ndi yanu.

Sizinathere pomwepo. Tsopano amayi aika zonse zija mu foni ya Sesiliya, kuti akapita ku Mwami nyumba izimvera iye. Dzulo ndinachokera kumsika nditasenza makala. Ndisanatule, ndinamva mawu otuluka pa geti akufunsa mwaulemu kuti ndinu ndani, ndipo mukufuna yani. Ndinati ndine malume ako, iwe mwana, tsegula khosi likuthyoka. Ndinamva kuseka, geti n'kutseguka lokha. Analitsegula mwana wanu ali kukhitchini, dzanja lina lili ndi mpeni wa anyezi.

Pempho langa ndi limodzi. Lamulungu likubwerali, anthu akamatuluka m'tchalitchi, mupereke kalatayi kwa munthu wa mawu okweza aiwerenge pabwalo, amayi a pachitsime aja alipo. Asadumphe paliponse, ngakhale pamene pakundivula ine. Anthu andiseke mmene angathere, bola adziwe kuti m'mbumba mwathu simunatuluke wakuba.

Mupereke moni kwa alamu anga, muwauze kuti ulendo wodzatenga mwana ausiye, akonze za mbewu. Moni kwa azakhali athu, kwa Tamiwe ndi ana ake, ndi adzukulu onse mpaka wakumsana. Sesiliya akuti adzakuonani pa Khirisimasi, ndipo adzabwera masana, kudzera njira ya pachitsime.

Tsalani ndi mtendere wa Ambuye.

Ine mlongo wanu,
Whiteson