Laputopu ya a Paison

Lolemba, 9 Sepitembala 2024

Masabata atatu chiwaikireni m'manda amuna anga. Katundu anagawa dzulo, achibale a ku Tamanda atadzaza khonde. Jekete kwa akulu awo. Njinga kwa mphwawo. Mabuku andisiyira ine poti palibe anawafuna. Mashelefu atatu, ndipo ndi ng'ala ili m'masoyi sindiwerenga ngakhale mutu wa nyuzipepala. Ndikulemba zilembo zikuluzikulu ngati mwana wa giredi wanu, ine amene ndinasunga laibulale ya sukulu zaka makumi awiri.

Laputopu kwa Edita, mwana wa alamu anga a Getrude. Akuti ali pa maphunziro a unamwino, imuthandiza. N'zoona. Ndinangogwedeza mutu. Wamasiye satsutsa pa mphasa yogawira.

Koma anaitsegula pomwepo, anthu akuona. Zala zake zinangoyenda zokha pa pasiwedi. Zaka makumi atatu ndi zinayi ndi a Paison, ine sindiidziwa.

Lachitatu, 11 Sepitembala

Magetsi kulibe chiyambire m'mawa. Fumbi pa mawindo. Makala akweranso.

Tebulo lawo lili ndi malo oyera pomwe laputopu inkakhala. Ndi ija yopindika chagada n'kusanduka ngati sileti, yokhudza ndi chala. Inali yokalamba. Akaiyatsa ankapita kukatereka tiyi, n'kubwera kudzakhala nane, ikungolira ngati njuchi m'botolo. Nkhani zathu zambiri tinakambirana podikira iyo kuti idzuke.

Miyezi inayi yomalizayi zinasintha. Edita akabwera masana, awiriwo m'chipinda chaching'ono, chitseko chotseka. Ine panja ndi nyemba zanga. Ndinkamva mawu awo chapansipansi, kenako chifuwa, kenako kuseka kwa mtsikanayo. Nditawafunsa a Paison anati, "Kuona maso a nkhono n'kudekha, mayi."

Ndinadekha. Ndaona bokosi.

Mpweya umene unatsala m'chifuwa chawo anauthera m'chipinda chimenecho. Chimene ankachita chili m'makinamo, ndipo makinawo ali kwa Edita.

Loweruka, 14 Sepitembala

Edita wabwera nayo laputopu m'chikwama, wagwada bwinobwino pakhomo. Mwana waulemu. Ndikanakonda akanakhala wamwano.

Akuti siingathe mabuku ake a sukulu, imauma pakati pa tsamba. Kuli Ben, wokonza mafoni ndi makompyuta kumsika wa Kapata. Iye wati pulogalamu yaikulu imene imayendetsa makinawa yawalemera, ngati thumba la chimanga pa njinga ya mwana. Aichotsa, aikemo ya m'mafoni, Androidi, yopepuka. Koma poikapo zonse zakale zifufutika.

Ndiye anati, "Azakhali, ndisanapereke, zija za amalume zija, ndimati ndikukopereni pa fulashi. Zija tinka..."

Tinka. Mawu amenewo anandilowa ngati minga ya m'phazi.

Ndinamudula. Ndinati za amuna anga ndikuzidziwa zonse, ndipo ndili nazo kale. Sindidikira kuuzidwa ndi mwana.

Nkhope yake inamasuka. "Ooh, anakupatsani? Ndiye zili bwino, ndimada nkhawa."

Ndinamupatsa mbatata, n'kumuperekeza mpaka pa geti. Bodza loyamba chimwalirireni iwo. Linakoma pakamwa, ndisabise.

Lachiwiri, 17 Sepitembala

Kwa alamu, kukabweza mapoto a pamaliro.

Ben wamaliza. Edita anadina batani, ndisanakhale n'komwe pampando yayaka kale. Phokoso lija kulibe. Siitenthanso miyendo. Batire akuti ikufika madzulo, magetsi azime asazime. Tizithunzi ta mapulogalamu ndondondo ngati pafoni, iye akungotsetsereka ndi chala. Chithunzi cha tchalitchi cha ku Tamanda chimene chinkatilonjera poyatsa chapita. Pali maluwa a dziko lina.

A Getrude kuwomba m'manja: "Yabadwanso mwatsopano, alamu! Ikanakhala munthu tikanaibatiza."

Sizonse zili bwino. Akaipinda, zolemba zimaima chadodolido mpaka aitembenuze yekha. Ndipo mabatani a kunsi sagona, ndiye akaiika pamiyendo mawondo ake amalemba zawozawo. Tinaseka. Inenso ndinaseka, n'kusangalala mumtima kuti ikumuvutako.

Pobwerera pa njinga ya hayala ndinagwira chishalo ndi manja onse. Nsanje pa mwana wa mlamu ndi yomveka. Koma pa makina? Masiku atatu okha, aiwala mwini wake, apepuka, akuthamanga. Ine kudzuka pa bedi ndi ntchito ya ola lathunthu.

Lachinayi, 19 Sepitembala

Amayi a chigwirizano anabwera asanu. Nyimbo ziwiri, pemphero, sopo ndi shuga. Amayi a busa anati nthawi imachiza. M'mabuku onse ndinawerenga sindinapezemo wochira, ndinapeza ozolowera.

Atapita ndinatsitsa buku lachikuto chofiira lija tinkabwerekana ku koleji ya aphunzitsi tisanakwatirane. Galasi lokulitsa zilembo, dzuwa la pakhonde. Mizere iwiri, misozi ya ng'ala, mutu waching'alang'ala. Ndalibweza.

Lamulungu, 22 Sepitembala



Potuluka m'tchalitchi Edita anandipeza pansi pa mtengo wa jakaranda. Mwansangala, ngati akufunsa za mvula. "Azakhali, mwafika mutu wachingati?"

Ndinati mutu wa chiyani.

Anandiyang'ana. Kenako anagwira pakamwa.

Buku lofiira lija. A Paison ankaliwerenga mokweza, Edita akujambula mawu pa laputopu, chifukwa iwo mabatani ojambulira ankawasokoneza. Mutu umodzi pa ulendo, nthawi zina theka chifuwa chikakana. Mitu khumi ndi inayi. Anamaliza kutatsala masiku asanu ndi anayi kuti tipite nawo kuchipatala. Ankati maso a azakhali ako akutha, ine ndikupita, ndani adzawawerengera? Anamulumbiritsa kuti asanene, adzandipatsa okha tsiku lokumbukira ukwati wathu mu Okutobala.

Mwanayo analira pamaso pa mpingo wonse. Ankangodzinena yekha kuti ndine wopusa, ndikanakopera basi. Ndinamugwira dzanja. Ndinati iwe unafunsa, wonama ndine. Kunena zimenezo kwa mwana amene ndinamusintha matewera.

Nsima sindinadye.

Lolemba, 23 Sepitembala

Ku Kapata m'mamawa, ine ndi Edita. Kashopu ka Ben n'kopapatiza, pakati pa wogulitsa zitenje ndi wometa. Bambo wa ndevu za imvi pang'ono, magalasi pamphumi. Anandipatsa mpando wake.

Anayesa. Analumikiza zingwe, anayendetsa pulogalamu yofufuza zotayika, tinadikira mpaka dzuwa pamutu. Kudikira makina amenewa kachiwiri, koma wopanda wocheza naye. Anapeza zithunzi zinayi zong'ambika pakati ndi kalata ya ku penshoni. Mawu ayi. Akuti malo m'makinamo ndi ochepa, ndiye zatsopano zinakhala pamwamba penipeni pa zakale, ngati kulima pamanda osadziwa.

Anapepesa pa fanizolo. Kenako anati, "Amayi, ine ndimafunsa kawiri ndisanafufute. Mtsikanayu anati eni ake ali nazo."

Eni ake.

Sanalandire kanthu. Wogulitsa zitenje anandipatsa madzi.

Lachitatu, 25 Sepitembala

Edita wafika thukuta lili kamukamu, foni m'manja. Wakumbukira kuti tsiku loyamba anadzitumizira kachidutswa kuti amve ngati mawu akumveka bwino. Masekondi makumi anayi ndi awiri.

A Paison akukonza kukhosi. "Yayamba? Iwe, yayamba?" Edita akuseka. Kenako mawu awo a m'kalasi aja, odekha: "Kwa a Dailes, amene anandibwereka buku ili osandiuza kuti chikole chake ndi moyo wanga wonse. Mutu woyamba." Chiganizo chimodzi ndi theka. Chifuwa. Yatha.

Ndamvera kasanu ndi kawiri. Wandiikira pa foni yanga, wandionetsa podina, wamatapo kapepala kofiira kuti ndizipaona.

Ndikanayenera kuthokoza n'kumusiya apite. M'malo mwake ndinamukhazika pansi ngati wa kupolisi. Amalume ake ankakhala pa mpando uti. Ankamwa madzi pati. Mawu a nkhalamba ya m'sitolo ya m'bukumo ija ankawasintha? Akuti ankawasintha, mpaka iye ankagwa n'kuseka, n'kuyambiranso kujambula. Ndiko kuseka ndinkamva ndili ndi nyemba zanga.

Iye mitu khumi ndi inayi. Ine masekondi makumi anayi ndi awiri. Ndipo zonsezo zinali zanga.

Wati atha kumabwera kudzandiwerengera, akukumbukira pomwe amalume ankapumira. Ndikufuna. Sindikufuna kumva kupuma kwawo kukutuluka m'kamwa mwa wina. Ndikufuna.

Ali pa geti ndinamuitananso. Mutu wachisanu ndi chinayi, pamene mtsikana uja atsika sitima n'kubwerera kwa bambo ake odwala. Ndinafunsa kuti pamenepo anawerenga bwanji.

Akuti anaima. Anavula magalasi, anati tazimitsa kaye. Analira mpaka tsiku limenelo sanapitirize.

Pamaso panga sanalirepo pamenepo. Zaka zonsezi ankandiseka kuti ndimalirira anthu a papepala, ankati mayi inu mtima wanu ndi wa phala.